PHUNZIRO 14: BANJA LIKUKONZEKERA KUSAMUKA

1. Dziko lathu ndi lalitali

Dziko lathu la Mozambique ndi lalitali. Limayambira ku mtsinje wa Rovuma kumpoto, n'kukafika ku Maputo kummwera. Anthu a dziko lino amayenda. Mphunzitsi wobadwira ku Niassa amakaphunzitsa ku Zambézia. Namwino wa ku Inhambane amadzagwira ntchito ku Tete. Ena amasamuka chifukwa cha ntchito, ena chifukwa cha ukwati, ena chifukwa cha madzi osefukira.

Ntchito yaikulu ya kusamuka imachitika kumudzi, tsiku la ulendo lisanafike. Banja lochoka mothamanga limataya zinthu ziwiri: zimene lasiya, ndi zimene likanapeza kutsogolo.

M'phunziro lino tiwerenga za banja lina la m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete. M'banjamo muli anthu anayi: bambo, mayi, mwana wamkazi wa zaka 7, ndi khanda lalimuna la miyezi 6. Akukonzekera kupita ku Chókwè, m'chigawo cha Gaza. Mtunda wake ndi wopitirira makilomita 1,500. Tiyeni tione zimene akuchita m'miyezi itatu yomaliza.

2. Mawu a pafoni ndi mawu olembedwa

Bamboyo amadziwa kukonza mathalakitala. Anaphunzira ntchitoyi ku Ulónguè. M'mwezi wa Meyi, msuweni wake wa ku Chókwè anaimba foni. Anati pa munda wina waukulu wa mpunga akufuna makanika.

Bambo anakondwa kwambiri. Madzulo anauza mkazi wake kuti:

"Amayi, tigulitse zonse. Sabata lamawa tinyamuke."

Mayi amaphunzira kuwerenga masana aliwonse, monga ife. Iye anayankha kuti:

"Abambo, ntchitoyo ndi yabwino. Koma chimanga chikadali m'munda. Ndipo mawu a pafoni sagwirika m'manja. Mwini ntchitoyo atumize kalata."

Anakangana pang'ono. Bambo ankaopa kuti ntchito itengedwa ndi wina. Mayi ankaopa kukafika kutali ndi ana awiri, n'kupeza kuti ntchito palibe. Mantha onse awiriwa anali oona. Pomaliza anagwirizana kupempha kalata, ndi kupempha kuti ntchito iyambe mu Ogasiti, atatha kukolola.

Kalata inafika patapita masabata awiri. Inali ya Chipwitikizi. Anaiwerenga onse awiri, pang'onopang'ono, ndipo pamene panawavuta anafunsa aphunzitsi. Anafufuzamo zinthu zisanu:

- dzina la mwini ntchito ndi malo ake;
- ntchito imene bambo akagwire;
- malipiro a pamwezi;
- tsiku loyamba ntchito;
- nyumba yokhalamo, ngati ilipo.

Za nyumba kalatayo sinanene kanthu. Anafunsanso, ndipo anauzidwa kuti ayenera kuchita lendi okha. Akanapanda kufunsa, akanakadziwira komweko, katundu ali pamutu. Makolo athu anati: safunsa anadya phula.

3. Kuuza abale

Banjali limakhala kwa akazi, pamudzi pa amayi ake a mayiyo. Ife tikudziwa mwambo wake. Mkamwini sanyamula mkazi ndi ana usiku. Ayenera kupempha kwa mwini mbumba.

Tsiku la Sabata masana ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pansi. Atsibweni ake a mayiyo anamvetsera, ndipo anafunsa kuti:

"Akamwini, kumeneko mwana wathu akadwala, adzamuona ndani?"

Bambo anayankha mwaulemu kuti msuweni wake ali komweko ndi banja lake. Anaonetsanso kalata ya ntchito. Mayi anaiwerenga mokweza pamaso pa onse, namasulira m'Chinyanja.

Agogo a anawo sanalankhule zambiri. Anangoti: "Zidzukulu zangazi zisadzaiwale chinenero cha kwawo." Atsibweni anavomera. Koma anati pali nkhani ina yofunika kukambirana: munda.

4. Munda utsala ndi yani?

Mayiyo ali ndi munda umene anapatsidwa ndi amayi ake, ndiponso dimba laling'ono kudambo. Munthu wina wa mudzi woyandikana anabwera ndi ndalama kuti agule mundawo. Ndalamazo zikanathandiza pa ulendo. Bambo anafuna kulandira.

Tiyeni tidziwe bwino zimene lamulo limanena. M'dziko lathu nthaka ndi ya Boma. Sigulitsidwa, ndipo siikidwa chikole. Chimene mlimi ali nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito nthakayo ndi kudya zipatso zake. Pa Chipwitikizi ufuluwu amaufupikitsa ndi zilembo zinayi: DUAT. Lamulo la Malo la chaka cha 1997 linavomereza kuti munthu wolima malo motsata mwambo wa kwawo ali ndi ufulu umenewu, ngakhale alibe pepala lochokera ku boma. Linavomerezanso umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi. Ufulu wa mkazi pa munda ndi wofanana ndi wa mwamuna.

Mayi anakana kutaya munda. Anati: "Ntchito ya kwa eni imatha. Ikadzatha, tidzabwerera kuti?"

Anagwirizana kuti mng'ono wake wa mayiyo azilima mundawo. Munda ukagonera zaka zambiri umamera tchire, malire amafufutika, ndipo oyandikana nawo amayamba kulowerera mzere umodzi chaka chino, mizere iwiri chaka chamawa. Munda wolimidwa umadziteteza wokha.

Koma apa pali msampha wina. Lero onse akudziwa kuti mundawo ndi wobwereka. Nanga pakapita zaka 10? Mboni zimakalamba. Zina zimaiwala, zina zimamwalira. Ana a wobwerekayo amakula akuona mayi wawo akulima pamenepo, ndipo amati munda ndi wawo. Milandu yambiri ya pabwalo la mfumu imayamba chomwechi, pakati pa anthu a mimba imodzi.

Chifukwa chake mayi anatenga kope ndi cholembera. Anaitana a nyakwawa, atsibweni, ndi eni minda yoyandikana nayo. Onse anayenda m'malire: kuyambira pa mtengo wa mango, kutsika mpaka pachulu, kutsata ngalande mpaka panjira ya kudambo. Pamakona anabzala khonje. Atatero, mayi analemba yekha mawu a pangano. Analemba mapepala atatu ofanana: lina lake, lina la mng'ono wake, lina la a nyakwawa. Odziwa kulemba anasaina. Osadziwa anadinda chala.

Mng'ono wake anadandaula pang'ono. Anati: "Achemwali, kodi simukundikhulupirira?"

Mayi anayankha kuti: "Iwe ndikukukhulupirira. Pepalali ndi la ana ako ndi ana anga."

5. Ntchito za tsiku ndi tsiku

Kukonzekera ulendo sikuimitsa ntchito za pakhomo. M'mawa mayi amatunga madzi, amaphika phala, amasambitsa khanda. Mwana wamkulu amapita kusukulu. Bambo amapita kumunda ndi ngolo yobwereka kukatuta chimanga. Masana mayi amapita kukaphunzira. Madzulo banja lonse limakhala pamkeka kutonola chimanga, ndipo agogo amathandiza.

Chasintha ndi chimodzi. Pakhoma, pafupi ndi chitseko, pali pepala lalikulu. Mayi analigawa patatu. Pamwamba analemba mawu awa: ZONYAMULA, ZOGULITSA, ZOSIYA. Chinthu chilichonse cha pakhomo chiyenera kulowa pa mzere umodzi. Mwana wamkulu ndiye amawerenga pepalalo usiku uliwonse.

*Zonyamula.* Basi imalipiritsa katundu wolemera. Choncho anyamula zochepa: zovala, mabulangete, miphika iwiri, mbale, mthiko, maneti a udzudzu, zitsulo za ntchito za bambo, ndi ufa ndi nyemba zodya masabata oyamba. Mtondo ndi munsi zitsala.

*Zogulitsa.* Chimanga, mbatata ya kachewere, njinga, nkhumba ziwiri. Bambo anafuna kutenga kankhumba kamodzi. Alangizi a ziweto anamuletsa. Ku Angónia matenda a chigodola cha nkhumba amabuka kawirikawiri, ndipo alibe mankhwala. Nkhumba imodzi, ngakhale nyama yake yokha, ingathe kukapha makola a anthu ambiri. Ziweto sizichoka m'boma lina kupita m'boma lina popanda kalata ya a zaulimi.

Pa chimanga anachita mwanzeru. Ife alimi timadziwa kuti nthawi yokolola mtengo umatsika, pakuti aliyense akugulitsa. Mtengo umakwera mvula ikagwa, nkhokwe zikayamba kupepuka. Iwo anagulitsa matumba okwanira ulendo basi. Otsalawo anathira mankhwala a anankafumbwe, nawasiya kwa atsibweni kuti adzagulitse mu Disembala kapena Januwale ndi kutumiza ndalama pafoni. Chiwerengero cha matumbawo chinalembedwa m'kope.

*Zosiya.* Nkhuku ndi mbuzi zitsala kwa agogo. Nyumba azikhalamo mlongo wake wa mayiyo, pakuti nyumba yopanda moto imadyedwa ndi chiswe.

Palinso ngongole. Bambo anali ndi ngongole ya fetereza kwa mnzake. Mayi ali m'gulu la chipereganyu la amayi 8. Iye analandira kale gawo lake, koma amayi awiri anali asanalandire. Anapereka ndalama za miyezi iwiriyo asananyamuke. Amene achoka ndi ngongole amatseka yekha njira yobwerera kwawo.

6. Mapepala

Kumudzi aliyense amatidziwa. Amadziwa amayi athu ndi agogo athu. Kutali palibe wotidziwa. Kumeneko amatidziwa ndi mapepala.

Banjali linatha masiku angapo likuyenda pakati pa mudzi ndi Ulónguè. Mapepala amene anasonkhanitsa ndi awa:

*Chitupa cha munthu wamkulu.* Ndi chija timati BI, kapena kuti Bilhete de Identidade. Bambo anali nacho. Cha mayi chinali chitatha masiku. Anapita kukachikonzetsa mu Juni, chifukwa chitupa chatsopano sichituluka tsiku lomwelo.

*Kalata za kubadwa kwa ana.* Mwana aliyense alembetsedwe ku Registo Civil. Kulembetsa ndi kwaulere m'miyezi yoyamba mwana atabadwa. Khanda lawo linalembetsedwa lili ndi mwezi umodzi, motero panalibe vuto.

*Kalata ya sukulu.* Mwana wamkulu ali m'kalasi yachiwiri. Akachoka chabe, sukulu ya ku Chókwè siidzadziwa kalasi yake, ndipo angataye chaka. Bambo anapita kwa mkulu wa sukulu kukapempha kalata yosamutsira mwana, imene amati guia de transferência. Anasankha kuyenda nthawi ya tchuthi kuti mwana asaphonye maphunziro.

*Khadi la kusikelo.* Apa mayi anaona chinthu chachikulu. Powerenga khadi la khanda, anapeza kuti katemera wa chikuku amaperekedwa mwana akakwanitsa miyezi 9. Anawerenga ndi zala: Meyi 6, Juni 7, Julayi 8, Ogasiti 9. Mwezi wa katemera ndi womwewo wa ulendo. Anapita kukafunsa anamwino. Anamwino anaona tsiku lobadwa, napeza kuti likufika masiku anayi ulendo usanachitike. Mwana adzabayitsa ali kwawo. Katemera wachiwiri wa chikuku, wa miyezi 18, akalandirira ku Chókwè, ndipo khadi ndilo likawauze anamwino a kumeneko.

Chikuku chimapha ana, ndipo chimafala msanga pamene anthu athithikana, monga m'basi. Mayi wosadziwa kuwerenga akanadziwa bwanji tsikulo?

Tikumbukirenso ichi: munthu amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a chifuwa chachikulu kapena ma ARV, apemphe kalata kuchipatala chake ndi mankhwala okwanira panjira. Asadumphe ngakhale tsiku limodzi.

Mapepala onsewa mayi anawaika m'pulasitiki, nawasokera m'kathumba komangira m'chiuno, mkati mwa chitenje. Mapepala sakwera pamwamba pa basi pamodzi ndi katundu.

7. Njira, ndi kumene akupita

Aphunzitsi anabweretsa mapu a dziko lathu. Ophunzira onse anatsata njirayo ndi chala.

Kuchokera ku Ulónguè akwera chapa, adutsa ku Moatize, aoloka mtsinje wa Zambezi ndi kulowa mumzinda wa Tete. Kumeneko akwera basi yaikulu. Adutsa ku Changara, ku Catandica ndi ku Chimoio. Pa Inchope akhotera kummwera, mumsewu wa N1. Aoloka mtsinje wa Save, adutsa ku Maxixe, aoloka Limpopo pa Xai-Xai. Atsika pa Macia, ndi kukwera chapa china cha ku Chókwè. Adutsa m'zigawo zisanu: Tete, Manica, Sofala, Inhambane ndi Gaza. Ndi ulendo wa masiku awiri kapena atatu, ndipo agona panjira.

Ndalama zambiri aika mufoni, ku M-Pesa kapena ku e-Mola. Nambala yachinsinsi sauza munthu. M'thumba muli zochepa zogulira chakudya. Anyamulanso madzi owiritsa m'zigubu.

Ku Angónia ndi kumapiri. Kumazizira, ndipo mvula imagwa yokwanira. Ku Chókwè ndi kuchigwa. Kumatentha, ndipo mvula ndi yochepa. Alimi a kumeneko amadalira ngalande zimene zimatenga madzi a Limpopo pa Macarretane. Ngalandezo zinakumbidwa m'zaka za m'ma 1950. Amalima mpunga, chimanga, tomato ndi ndiwo zamasamba. Pamene pali madzi oima ndi kutentha, udzudzu umachuluka. N'chifukwa chake maneti ali pamwamba pa mzere wa zonyamula.

Mtsinje umene umadyetsa Chókwè ndi womwewo umene umaimiza. M'chaka cha 2000, ndiponso m'chaka cha 2013, madzi a Limpopo analowa m'tauni, ndipo anthu ambiri anathawira kumtunda, ku Chiaquelane. Chakudza sichiimba ng'oma. Choncho bambo analemba mafunso awiri okafunsa asanalipire lendi: Kodi madzi anafika pati pa nyumba iyi? Nanga njira ya kumtunda ndi iti?

Anthu a kumeneko amalankhula Chichangana. Msuweni anatumiza mawu ochepa pafoni, ndipo banja limawaphunzira potonola chimanga:

- munthu: munhu
- mwana: n'wana
- madzi: mati
- mbuzi: mbuti
- nkhuku: huku
- nyama: nyama
- zikomo: khanimambo

Mwana wamkulu anaseka, nati: "Amayi, amalankhula ngati ife!" Zoonadi, zinenero ziwirizi ndi zapachibale. Ngakhale chipereganyu chiliko. Kumeneko amachitcha xitique. Mlendo wopereka moni m'chinenero cha eni mudzi sachedwa kupeza womubwereka moto.

8. Sabata lomaliza

Lolemba mayi apita kuchigayo. Lachiwiri achapa zovala ndi mabulangete. Lachitatu khanda libayitsa katemera. Lachinayi bambo abweza makasu ndi ngolo zimene anabwereka. Lachisanu amanga katundu, ndipo pa thumba lililonse mayi alemba dzina la banja, nambala ya foni, ndi mawu akuti CHÓKWÈ. Matumba onse ndi 6. Powakweza ndi powatsitsa adzawawerenga.

Loweruka ayenda khomo ndi khomo kutsazika. Ayamba kwa a mfumu. Afika ngakhale kwa mnansi amene anakangana naye chaka chatha pa nkhani ya mbuzi zolowa m'dimba. Akulu anati: ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Agogo sadziwa kuwerenga, ndipo alibe foni. Mdzukulu wawo walemba nambala ya amayi ake ndi makala pakhoma la khitchini, ndi manambala akuluakulu. Aliyense wa foni wodutsa pamenepo angathe kuwaimbira. Agogowo anena kuti mwezi wamawa ayamba kubwera kudzaphunzira nafe, kuti kalata ya mdzukulu ikadzafika adzaiwerenge okha.

Mawu oti tiwerenge ndi kulemba

kusamuka, pangano, malire, mboni, chitupa, katemera, ngongole, mapu

sa se si so su: sa-mu-ka
nga nge ngi ngo ngu: pa-nga-no, ngo-ngo-le

Tiyeni tikambirane

1. Chifukwa chiyani mayi anafuna kalata ya ntchito? Kodi mantha a bambo anali opanda pake?
2. Kodi kulemba pangano ndi m'bale wathu ndi kumunyoza? Tifotokoze maganizo athu.
3. M'mudzi mwathu muli minda ya anthu amene anasamuka. Ikulimidwa ndi yani? Ndani akudziwa malire ake?
4. Ndi mapepala ati amene tili nawo m'nyumba zathu? Ndi ati amene akusowa?
5. Mlendo wochokera chigawo china akafika kwathu kuno, timamulandira bwanji?

Tiyeni tiwerengere

1. Tiyerekeze kuti banja lakolola matumba 30 a chimanga. Lasiyira agogo matumba 6. Lagayitsa thumba limodzi la panjira. Lagulitsa matumba 11. Atsibweni asunga matumba angati?
2. Thumba limodzi limalemera makilogalamu 50. Matumba 11 akulemera makilogalamu angati?
3. Mwana wabadwa mu Novembala. Adzakwanitsa miyezi 9 mwezi uti? Nanga miyezi 18?

Tiyeni tilembe

Tikopere pangano ili m'makope athu, ndipo tilembe mawu oyenera m'mipata:

Ine, ...................., wa m'mudzi wa ...................., ndabwereka munda wanga kwa .................... kuti azilima mpaka nditabwerera. Malire ake ndi awa: .................... Mitengo ya zipatso isadulidwe. Mundawu usaperekedwe kwa munthu wina.

Tsiku: ....................
Mwini munda: ....................
Wobwereka: ....................
Mboni: .................... ndi ....................

Ntchito ya kunyumba

Madzulo ano aliyense atulutse mapepala a banja lake. Tione tsiku lotha ntchito pa chitupa chathu. Tione tsiku la katemera wotsatira pa khadi la mwana. Mawa tibwere ndi masiku amenewo titawalemba m'kope, ndipo tidzawerengere limodzi.